Mutu Ukakula Sulewa Nkhonya: Gawo Lachitatu

Usiku wa pa 11 Malichi 1983, belu lomaliza litalira m'bwalo la Omni mumzinda wa Atlanta, bolodi linkaonetsa 109 mbali ya Virginia ndi 66 mbali ya Duke. Mapointi 43. Mu basketball, timu ikagonja ndi mapointi khumi anthu amati lero silinali tsiku lake. Ikagonja ndi makumi awiri amati yakwapulidwa. Koma ikagonja ndi 43, pa mpikisano wa chikho, palibenso amene amakamba za osewera. Maso onse amatembenukira kwa munthu wovala suti amene waima pafupi ndi benchi.

Munthuyo anali Mike Krzyzewski, wa zaka 36, ndipo apa n'kuti akutseka chaka chake chachitatu monga kochi wa timu ya yunivesite ya Duke. Chibwerere ku Durham, kwawo kwa Duke, anali asanachititsidwepo manyazi otere.

Palibe amene ankayembekeza kuti Duke ipambana tsiku limenelo. Virginia inali ndi Ralph Sampson, chimphona cha mamita 2.24, chimene chinasankhidwa zaka zitatu zotsatizana kukhala katswiri woposa onse m'makoleji a ku America. Duke inkadalira anyamata anayi a chaka choyamba, amene miyezi khumi yapitayo anali akadali ku sekondale. Koma kugonja kulipo kwamitundumitundu, ndipo uku kunali kuja kumene munthu amatuluka m'bwalo atawerama, osafuna kuonana maso ndi mnzake.

Amene sanawerame anali a Iron Dukes. Anthu amenewa tiyenera kuwadziwa bwino, chifukwa nkhani yonseyi yagona pa iwo. Masiku amenewo osewera a m'makoleji sankalandira malipiro. Chimene ankapeza chinali sukulu yaulere, pogona ndi chakudya. Pa yunivesite yodula ngati Duke, ndalama zambiri zolipirira zimenezi zinkachokera m'matumba a anthu amene anaphunzirapo kale n'kulemera, madokotala, maloya, eni makampani. Gulu lawo ndiye Iron Dukes. Wopereka zambiri ankapeza mpando wabwino m'bwalo la Duke la Cameron komanso mwayi wa matikiti a chikho cha ligi ya ACC, amene ankavuta kwambiri kuwapeza. Anthuwa anali atayenda makilomita mazanamazana kuchokera ku North Carolina kudzaonera chikho chimenechi, atakonzekera masiku atatu a mpira, koma timu yawo n'kutuluka tsiku loyamba lomwe. Usiku womwewo anamuunjirira Tom Butters, mkulu wa zamasewero onse pa Duke, ndipo pakamwa pawo panali mawu amodzi: mnyamata wakoyu umuonetse msana wa njira.

Butters sakanatha kuwagwedezera mutu n'kudutsa. Gulu la Iron Dukes analiyambitsa ndi iye mwini, asanakwezedwe pa udindowu mu 1977. Ankawadziwa mayina, ankadziwa amene anapereka zingati, ndipo ambiri anachita kuwapempha yekha. Tsopano ndalama zomwe anazisonkhanitsa zija zinali zitamera pakamwa.

Pakati pa usiku patadutsa, Krzyzewski ndi anthu ochepa anapita kukafuna chakudya pa lesitilanti ya Denny's, imene sinkatseka usiku. Panali omuthandiza pa ntchito, a ku ofesi yofalitsa nkhani za timu, komanso mtolankhani John Feinstein wa nyuzipepala ya Washington Post, amene anadzalemba za usikuwo patapita zaka. Mkazi wa kochiyo, Mickie, anatsala ku hotela ali ndi mantha akuti ntchito yatha. Mmodzi mwa anthuwo, pofuna kupeputsa mitima, anakweza tambula yake ya madzi n'kunena kuti onse amwere kuiwala usiku umenewu. Krzyzewski anakweza yake, koma anakana: iye amwera kusauiwala mpaka kalekale.

Patebulo pomwepo wina anatchula za mnyamata wina wa ku sekondale amene anali atalonjeza kale kupita ku yunivesite ina koma ankamveka kuti akukayikakayika. Bwanji osamunyengerera? Krzyzewski anakana kawiri. Poyamba anati iwo sachita zimenezo kwa mwana amene walonjeza kale kwina. Kenako anati ngati sangathe kupambana ndi anyamata anayi amene anali nawo aja, kuphatikizapo wachisanu amene ankabwera chaka chotsatira, ndiye kuti akuyeneradi kuchotsedwa. Mlandu wake anaudulira yekha malire usiku umenewo, ndipo tiona mmene malirewo anadzamuyandikirira.

Kuti timvetse mkwiyo wa a Iron Dukes, tibwerere ku Malichi 1980. Duke sinali timu yachabechabe. M'zaka za m'ma 1960, pansi pa kochi Vic Bubas, inafika katatu m'gulu la matimu anayi omaliza a chikho cha dziko lonse cha NCAA. Mu 1978, pansi pa Bill Foster, inafika mu fainolo n'kugonja kwa Kentucky 94 kwa 88. Mu 1980 inatenga chikho cha ACC. Foster atachoka kupita ku South Carolina, masapota ankadikira dzina lalikulu. Manyuzipepala a m'deralo ankatchula makochi angapo odziwika. Butters anatulukira ndi mnyamata wa zaka 33 wochokera ku sukulu ya asilikali ya West Point, amene chaka chake chomaliza kumeneko anapambana masewero 9 n'kugonja 17.

Anali mwana wa ku Chicago, wa m'banja lochokera ku Poland. Bambo ake ankayendetsa chikepe cha m'nyumba yosanja, mayi ake ankakolopa maofesi usiku. Anasewera ku West Point pansi pa Bob Knight, kochi waukali wodziwika dziko lonse, anagwira ntchito ya usilikali zaka zisanu, n'kubwerera kukaphunzitsa timu ya sukulu yake yakale mu 1975. Amene anamutchula koyamba kwa Butters anali wachiwiri wa Butters yemweyo, Steve Vacendak, amene anaonapo mmene Krzyzewski ankakonzekeretsera timu. Butters anamuyitana kangapo, anafunsa maganizo kwa Knight, anamulola kunyamuka ulendo wa ku bwalo la ndege asanamuuze kanthu, kenako mtima n'kumukana, n'kutuma munthu kuti akamubweze. Pa 18 Malichi 1980 anamuimika pamaso pa atolankhani, ndipo chinthu choyamba chimene kochi watsopanoyo anachita chinali kuwatchulira zilembo za dzina lake chimodzichimodzi, popeza ambiri anali asanalimvepo.

Ndiye kuti kuyambira tsiku loyamba, khosi la Butters linamangidwa chingwe chimodzi ndi la Krzyzewski. Ichi tichisunge m'mutu.

Tsopano timve mlandu wa omufuna kuchotsa, ndipo tiumve mwachilungamo, chifukwa sanali anthu opusa. Chaka choyamba timu inapambana masewero 17 n'kugonja 13, koma imeneyo inali timu ya Foster, ya Gene Banks ndi Kenny Dennard. Akuluakuluwo atamaliza sukulu, chaka chachiwiri chinatha 10 kwa 17, chachitatu 11 kwa 17. Duke inali isanagonjepo masewero 17 m'chaka chimodzi. Krzyzewski anachita zimenezi kawiri motsatizana. Mu ligi ya ACC, imene inali ndi matimu asanu ndi atatu, anayamba ndi kupambana masewero 6 mwa 14, kenako 4, kenako 3. Munthu akamati ndipatseni nthawi, nambala zimayenera kumakwera pang'onopang'ono. Izi zinkatsika.

Panalinso nkhani yosaka osewera. Mu basketball ya m'makoleji ya nthawiyo, kochi sankagula munthu. Ankayenda m'nyumba za ana a sekondale, kukhala pabalaza ndi makolo, kuwalonjeza maphunziro ndi tsogolo. Mu 1981 Krzyzewski anathamangira akatswiri angapo n'kuwaphonya onse pamapeto penipeni. Chris Mullin ndi Bill Wennington anapita ku St. John's, Uwe Blab anapita ku Indiana kwa Knight yemwe uja. Omunyoza ankati mnyamatayu amatha kufika pakhomo koma satha kutuluka ndi mwana.

Ndipo panali Wagner. Mu Januwale 1983, kakoleji kakang'ono ka ku Staten Island, mumzinda wa New York, kanabwera m'bwalo la Cameron n'kugonjetsa Duke 84 kwa 77. Matimu otere amaitanidwa kuti eni bwalo apumireko, awonjezere chipambano chimodzi pa mndandanda. Kugonja kwa Virginia kunali kowawa, koma munthu akanatha kuloza Sampson. Kwa Wagner panalibe woloza.

Chimene chinkawapsetsa mtima kwambiri chinali liuma la kochiyo pa katchingidwe. Mu basketball muli njira ziwiri zikuluzikulu zotetezera. Ina ndi yakuti osewera asanu aime m'malo awo mozungulira golo, aliyense n'kumalondera dera lake. Timu yofooka imabisala m'menemo, chifukwa mnzako amakuphimbira msanga ukaphonya. Inayo ndi yakuti aliyense atenge munthu wake n'kumumamatira kulikonse kumene akupita. Njira yachiwiriyi imafuna mapapo, miyendo, kulankhulana ndi kukhulupirirana, ndipo mwana wa zaka 18 akaiphonya, manyazi ake amaonekera bwalo lonse. Krzyzewski anaiphunzira kwa Knight ndipo sankafuna kumva za ina. Masapota ankakuwa kuchokera m'mipando kuti abise ana akewo, apulumutse masewero awiri atatu. Iye ankati akawabisa lero sadzaphunzira, ndipo akadzakula adzakhala opanda chodalira. Kwa iye chinali chiphunzitso. Kwa wolipira tikiti chinali kudzikonda kwa msilikali amene sadziwa kubwerera m'mbuyo.

Zonsezi mwina zikanapiririka Duke ikanakhala kwayokha. Koma Durham ili makilomita 13 okha kuchokera ku Chapel Hill, kwawo kwa yunivesite ya North Carolina, ndi pafupifupi 40 kuchokera ku Raleigh, kwawo kwa NC State. Masapota a matimu atatuwa amagwira ntchito m'maofesi amodzi, amapemphera m'matchalitchi amodzi, ena amakwatirana. Mu Malichi 1982, pamene Duke inkawerenga mabala a chaka cha 10 kwa 17, North Carolina ya kochi Dean Smith inatenga chikho cha dziko lonse ku New Orleans, itagonjetsa Georgetown 63 kwa 62 ndi mpira umene anaponya mnyamata wa chaka choyamba, Michael Jordan.

Chaka chotsatira ndiye mpeni unalowa mpaka pachigwiriro. Patangopita masiku awiri Duke itakwapulidwa ndi mapointi 43, m'bwalo lomwelo la Omni, NC State inagonjetsa Virginia yomweyo, ndi Sampson wake yemweyo, n'kunyamula chikho cha ACC. Pa 4 Epulo, ku Albuquerque, inagonjetsa Houston 54 kwa 52 pa sekondi yomaliza n'kukhala akatswiri a dziko lonse. Kochi wake, Jim Valvano, analembedwa ntchito mwezi umodzimodzi ndi Krzyzewski, Malichi 1980, ndipo ankasiyana chaka chimodzi chokha pobadwa. Valvano anali wanthabwala, wokondedwa ndi makamera, woti akalowa m'chipinda aliyense amaseka. Krzyzewski anali wouma nkhope, woyankha atolankhani mwachidule. Amene ankati zaka zitatu n'zochepa ankangolozeredwa ku Raleigh: uyo bwanji zamukwanira?

Pepala losonkhanitsa masaini ofuna kuti kochi achotsedwe linayamba kuyenda pakati pa ena a Iron Dukes, ndipo mbiri yake inafika mpaka kwa osewera.

Omuikira kumbuyo anali ochepa, ndipo mfundo zawo zinali zovuta kuzigwira ndi manja. Ankati Foster anasiya nkhokwe yooneka yodzaza koma pansi pake mulibe kanthu: Mike Gminski anamaliza sukulu mu 1980, Banks ndi Dennard mu 1981, Vince Taylor mu 1982, ndipo m'mbuyo mwawo munalibe owalowa m'malo a msinkhu womwewo. Ankati zimene zinalephereka mu 1981 zinatheka mu 1982, pamene Krzyzewski anabweretsa gulu limene akatswiri ambiri analitcha lopambana m'dziko lonse chaka chimenecho: Johnny Dawkins wa ku Washington, Mark Alarie wa ku Arizona, Jay Bilas wa ku California, David Henderson wa ku North Carolina komweko. Ana amenewa akanatha kupita kulikonse. Anabwera kudzasewera m'timu yogonja chifukwa cha munthu amene anakhala pabalaza la makolo awo. Mukamuchotsa, mwatsimikiza bwanji kuti atsala? Malamulo a nthawiyo ankalola wosewera kusamukira ku koleji ina, bola akhale chaka chimodzi osasewera, ndipo mwana wokhumudwa amatha kulipira mtengo umenewo. Kochi watsopano akanayambanso pa ziro, n'kupemphanso zaka zake zitatu.

Ankakumbutsanso za Dean Smith yemweyo. Mu Januwale 1965, m'chaka chake chachinayi, timu yake itagonja kwa Wake Forest, basi inafika ku Chapel Hill n'kupeza ophunzira atapachika chidole chomufanizira iye. Wosewera wake Billy Cunningham ndi amene anatsika n'kukachigwetsa. Smith anayamba ntchito mu 1961, ndipo chikho cha dziko lonse anachigwira patapita zaka 21. Akuluakulu a North Carolina akanamvera ophunzira aja, Jordan akanadzasewera pansi pa ndani?

Mfundo imeneyi ndi yokoma, koma ili ndi mbuna yake. Timakumbukira Smith chifukwa kudikira kunabala zipatso. Makochi ambiri amene anapatsidwa chaka chachinayi ndi chachisanu n'kungomira nayo timu, mayina awo palibe amawasunga. Kudekha pakokha si nzeru. Nthawi zina ndi mantha a bwana amene sakufuna kuvomera kuti anasankha molakwa. Ndipo m'timu ya koleji, mtengo wa kudikira sulipiridwa ndi mabwana. Wosewera anali ndi zaka zinayi zokha. Dawkins anali atataya kale chimodzi. Kumupatsa kochi wolakwika chaka china kunali kumulanda theka la moyo wake wa mpira wa m'koleji, limene palibe akanadzamubwezera.

Apa ndi pamene ndimamumvera chisoni Butters kuposa wina aliyense m'nkhaniyi. Iye anali ndi chinthu chimene masapota analibe: ankatha kulowa m'bwalo masana, mipando ili yopanda anthu, n'kuona mmene timu ikuphunzitsidwira. Anali munthu wa masewero, anaponyapo mpira wa baseball m'timu ya Pittsburgh Pirates mpaka ngozi ya galimoto inamudulira ntchitoyo mu 1965, ndipo ankadziwa kusiyanitsa timu imene yataya mtima ndi timu imene ikungochepa msinkhu. Zimene ankaona masana zinkamuuza kuti anyamatawa akumumvera kochi wawo. Koma zimene ankaona usiku pa bolodi zinkanena zina. Ndipo akanadziwa bwanji kuti maso ake a masana sakunamizidwa ndi mtima wake? Munthu amene anabweza mnyamata pa bwalo la ndege, n'kumuimika pamaso pa dziko, ali ndi chifukwa chachikulu choonera zabwino ngakhale pamene palibe. A Iron Dukes ankadziwa zimenezi, ndipo ena ankanena poyera kuti ngati Butters sangathe kuchotsa kochi, mwina wofunika kuchoka ndi Butters.

Chilimwe cha 1983 chinadutsa kochi asanachotsedwe. Koma sanalandirenso chitsimikizo chilichonse chatsopano. Anangopitiriza ntchito pa kontirakiti yake yoyamba ija, imene masiku ake ankatha, ndipo makochi a matimu ena akakhala pabalaza la makolo a mwana amene Duke ikumufuna, sankalephera kufunsa mwaulemu ngati bamboyo adzakhalepobe mwanayo akamadzafika chaka chachiwiri.

Wachisanu uja anafika. Anali Tommy Amaker wa m'boma la Virginia, wamfupi ndi wochepa thupi pakati pa anzake, koma woyendetsa mpira mwanzeru ndi womamatira munthu ngati nkhupakupa. Kubwera kwake kunamasula Dawkins, amene chaka chatha ankasenza ntchito ziwiri, yogawa mpira ndi yogoletsa. Tsopano akanatha kungothamangira golo. Alarie ndi Bilas anali atakhwima mapewa. Katchingidwe kaja, kamene kanawachititsa manyazi chaka chonse, kanayamba kugwira: mpira unkabedwa pakati pa bwalo, adani ankatopa chigawo chachiwiri. Mwa masewero 15 oyambirira a chaka cha 1983 mpaka 1984, Duke inapambana 14. Limodzi mwa amenewo linali la ku Charlottesville, kwawo kwa Virginia, patangopita miyezi khumi kuchokera usiku wa ku Atlanta.

Omunyoza anangoti zii, koma sanagonje. Ankati ambiri mwa masewero amenewo anali a matimu ang'onoang'ono a kunja kwa ligi, ndipo Virginia inalibenso Sampson. Tidikire Januwale, ACC ikayamba kuluma.

Inalumadi. Pa 14 Januwale 1984 Maryland inabwera ku Cameron n'kupambana. Tsikulo linaipa kawiri, chifukwa ophunzira a Duke, amene amakhala m'mphepete mwenimweni mwa bwalo, ananyoza wosewera wina wa Maryland ndi mawu otukwana komanso kumuponyera zinthu zochititsa manyazi. Manyuzipepala akuluakulu anadzudzula yunivesite yonse. Mtsogoleri wa Duke, Terry Sanford, amene anakhalapo bwanamkubwa wa North Carolina, analembera ophunzira kalata yowalangiza ngati malume, yowapempha kuti azichemerera mwanzeru osati mwachipongwe. Ndiye kuti sabata imeneyo akuluakulu onse a yunivesite maso awo anali pa basketball, ndipo osati mokondwa.

Patapita masiku anayi, Wake Forest inagonjetsa Duke 97 kwa 66. Nambala 66 yomweyo ya ku Atlanta, kusiyana kwa mapointi 31. Uku sikunali kugonja kwa ana a chaka choyamba. Awa anali anyamata anayi aja atakula, ndi Amaker pakati pawo, gulu lenileni limene kochi ananena yekha pa Denny's kuti akalephera nalo achotsedwe. Matelefoni a ku ofesi ya Butters anayambanso kulira.

Loweruka pa 21 Januwale kunabwera North Carolina, timu yoyamba m'dziko lonse, isanagonjepo chaka chimenecho, ili ndi Jordan, Sam Perkins ndi Brad Daugherty. Ophunzira a Duke, pomvera kalata ya Sanford, anabwera atavala timikombero tonyezimira pamutu ngati angelo, ndipo oyimbira akalakwitsa ankangoimba mwaulemu kuti iwo akuona mosiyana. M'bwalomo mpira unali wa moto. Duke inalimbana ndi akatswiriwo mpaka mphindi zomaliza.

Mkati mwa masewerowo munachitika chinthu chimene anthu a ku Durham amachikambabe. Dean Smith, atakwiya kuti a patebulo la nthawi sakuliza belu kuti alankhule ndi oyimbira, anapita patebulopo yekha n'kumenya, ndipo dzanja lake linagunda mabatani, bolodi n'kuwonjezera timu yake mapointi 20. Anakonza bolodilo, koma oyimbira sanamupatse Smith chilango chilichonse. North Carolina inapambana 78 kwa 73. Krzyzewski anapita pamaso pa atolankhani akunjenjemera ndi mkwiyo, n'kunena kuti mu ACC muli malamulo awiri, ena a Smith ndi timu yake, ena a otsala onse.

Mawu amenewo anagawa anthu pakati. Ena anati tsopano Duke yapeza munthu wosaopa kuyang'ana mfumu ya ku Chapel Hill m'maso. Ena anati taonani, kochi amene sanapambanepo kanthu akulimbana ndi munthu wolemekezeka kuposa onse m'boma lonse la North Carolina, pofuna kubisa kugonja kwake kwachitatu motsatizana. Kwachinayi sikunachedwe: NC State ya Valvano inabwera nayonso n'kupambana. Timu imene inayamba ndi 14 kwa 1 inali tsopano itapambana kamodzi kokha m'masewero asanu a ACC.

Butters anafika pamene sakanathanso kukhala chete. Kusalankhula kwake kunali kutayamba kuvulaza aliyense: osewera ankamva mphekesera m'makalasi, makolo a ana a sekondale ankazengereza, opereka ndalama ankadikira kuona mbali imene agwere. Njira zinalipo, ndipo iliyonse inali ndi minga. Akanatha kumuchotsa nthawi yomweyo n'kuika womuthandiza agwirizire mpaka Malichi. Akanatha kumuuza mwakachetechete kuti amalize chaka n'kutula pansi udindo yekha, kuti achoke ndi ulemu wake. Kapena akanatha kumangirira dzina lake pa mnyamatayu kachiwiri, pamaso pa anthu omwe ankalipira magetsi a bwalolo, podziwa kuti ulendo uno akalakwitsa adzanyamuka onse awiri.

M'mawa wina wa masiku ovuta amenewo, uthenga unafika kwa Krzyzewski kuti abwana akumufuna ku ofesi. Sanauzidwe chifukwa. Kochi aliyense amadziwa tanthauzo la kuyitanidwa kotere pakati pa chaka, timu ikugonja motsatizana. Anali ndi mkazi ndi ana aakazi atatu, wamng'ono asanayambe sukulu. Anali atasiya West Point, kumene ankamudziwa ndi kumukonda, kudzagwira ntchito imene anthu ambiri ankati sinali msinkhu wake.

Analowa, chitseko chinatsekedwa, anakhala pansi moyang'anana ndi munthu amene anamubweza pa bwalo la ndege zaka zinayi zapitazo. M'dilowa ya tebulo limene linali pakati pawo munali pepala limene Butters anali atakonza kale, ndipo Krzyzewski sankadziwa zimene zinalembedwamo.

Butters anamuyang'ana n'kuyamba kulankhula.

"Tili ndi vuto."

Nkhaniyi ipitirira m'gawo lachinayi.